Mafunso ndi mayankho: za koleji ndi ntchito chipitireni Covid, kwa ife a ku Mzuzu

Ine ndili ndi kashopu ka photocopy, print ndi binding kuno ku Luwinga, sikatali ndi geti la Mzuni (Mzuzu University). Ntchito yanga ndi ya mapepala basi, koma poti CV, kalata yofunsira ntchito, fomu ya loni ndi dissertation zonse zimadutsa pa makina anga, anthu amandiyesa mlangizi. Munthu akudikira mapepala ake atuluke amangoyamba, "achimwene, inu mumaona zambiri, tandiuzeni." Nde mafunso ake ndi omwewomwewo chaka ndi chaka, kaya ndi mwana wa sukulu kaya ndi kholo. Ndawasonkhanitsa pano kuti ndizingoti kawerengeni, ine ndizithira toner mwamtendere.

Covid inapita kalekale, mukuyikumbanso chifukwa chani?

Matendawo anazilala inde, ndipo WHO inalengeza pa 5 May 2023 kuti salinso ngozi ya dziko lonse ngati poyamba paja. Koma zimene anaswa sizinalumikizike zonse. Kumbukirani kuti sukulu zinatsekedwa pa 23 March 2020 tisanamve n'komwe za wodwala aliyense, poti oyambawo analengezedwa pa 2 April. Zinayamba kutsegulidwa pa 7 September, kuyambira makalasi a mayeso ndi a chaka chomaliza ku koleji. Tisanapume mayeso a MSCE a chaka chimenecho anabedwa, boma n'kuwathetsa mu November, ana n'kudzalembanso mu January 2021, mwezi womwewo umene mliri unabweranso mwaukali mpaka nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, kumwalira tsiku limodzi. Sukulu n'kutsekedwanso.

Kalendala ikasokonekera ku fomu 4 imakasokonezanso ku yunivesite chifukwa magulu amaunjikana pakhomo, awa sanatuluke awa akufuna kulowa. Alipo ambiri amene digiri ya zaka 4 inawatengera 5, ndipo ndi omwewa akuzungulira m'tauni muno ndi ma envulopu a khaki. Kwa iwowo nkhaniyi siyakale ayi.

Chinasintha n'chani kwenikweni m'makoleji?

Ndiyankha ndi zimene ndimaona pa kauntala panga. Kale lecturer amasiya handout ya masamba 40 kwa class rep, class rep kubwera nayo kuno, ine kupanga makope a kalasi yonse, ndiwo za tsikulo zapezeka. Lero handout ija ndi PDF pa gulu la WhatsApp, aliyense akuwerenga pa foni yong'ambika sikirini. Moodle, Zoom, Google Meet, zonsezi zinalowa mokakamiza mu 2020 koma sizinatulukenso. Supervisor ali ku Lilongwe amakonza chaputala pa email, wophunzira ali ku Rumphi. Kuno kumangobwera zomaliza zofuna binding. Ine zinandipweteka m'thumba, koma kunena zoona kwa ophunzira zinapepuka.

Zimene sizinasinthe: mayeso amalembedwabe m'holo munthu atakhala pa desiki, ma practical amafunabe thupi lako likhalepo, ndipo malo ogona ndi ochepabe moti eni nyumba za lendi ku Luwinga ndi Area 1B sanadandaulepo.

Chinanso musasokoneze. Kugawidwa kwa University of Malawi mu 2021, pamene Poly inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala KUHeS, Chanco n'kutsala ndi dzina la UNIMA, sikunabwere ndi mliri. Inali nkhani yokonzedwa kale, zinangokumana nthawi.

Nanga digiri ikadali ndi phindu? Ma graduate ali mbwee osagwira ntchito

Funso ili ndi limene ndimafunsidwa kwambiri, makamaka ndi abambo amene agulitsa fodya kapena khofi kuti alipire fizi. Yankho langa ndi lakuti ikadali ndi phindu, koma yasiya kuyenda yokha.

Tsegulani nyuzipepala pa tsamba la ntchito muone. Boma, mabanki, ma NGO, zipatala, onse amayamba ndi pepala. Ulibe pepala envulopu yako siyitsegulidwa n'komwe, olo utakhala dolo bwanji. Unamwino, udokotala, uphunzitsi, za malamulo, kumeneko nde palibe njira yachidule. Amene amakuuzani pa Facebook kuti sukulu ndi kutaya nthawi chifukwa wakuti wa ku America analemera osamaliza koleji, afunseni kuti ana awo ali kuti panopa. Ali pa sukulu yolipira.

Koma mbali ina ndi iyi. Ine ndimasindikiza ma CV ochuluka pa sabata ndipo ambiri mwa iwo ukaphimba dzina ndi chala sungasiyanitse. Digiri yomweyo, "hardworking" yemweyo, ma referee ake lecturer, abusa ndi amalume. Wolemba ntchito ali ndi mulu wa ma envulopu ofanana, asankha bwanji? Amayang'ana kanthu kamene ungaonetse pompo. Mtsikana wina amabwera kuno kawirikawiri, anachita za chilengedwe, koma nthawi imene sukulu zinali zotseka anakhala pa laputopu ya achimwene ake n'kudziphunzitsa Excel ndi KoboCollect, pulogalamu yotolera data pa kafukufuku. Panopa mabungwe akafuna anthu okazungulira m'midzi ndi ma tablet amamuitana, kenako amamusiyira data kuti aikonze. Sanalembedwe ntchito yokhazikika, koma lendi amalipira yekha ku Katawa. Anzake a kalasi imodzi amene anadikira kuti sukulu itsegulidwe akudikirabe china. Pepala ndi lomwelo.

Ndipo tisamanamizane kuti vuto lonse ndi la achinyamata. Ntchito zake n'zochepa basi. Mu 2020 tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni pa kampeni, aliyense akudziwa m'mene zinathera kunyumba kwake. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, makampani ambiri m'malo molemba anthu anayamba kupungula. Nde graduate akakhala pakhomo musamangomunena ulesi.

ODeL ndi chani, ndipo pepala lake ndi lofanana ndi la amene amakhala pa kampasi?

Ndi maphunziro oti umaphunzira uli kwanu kapena kuntchito kwako, kumangopita nthawi zina kukakumana ndi ma lecturer ndi kukalemba mayeso. Mzuni inayamba zimenezi Covid isanabwere, makamaka kwa aphunzitsi, ndipo ili ndi ma senta ku Karonga, Lilongwe, Balaka ndi Mulanje. LUANAR nayo ili ndi ODeL yake. Chimene mliri unachita n'kuchotsa manyazi. Kale anthu amaiona ngati sukulu ya olephera, koma aliyense atalawa kuphunzirira kunyumba kunyoza kuja kunachepa.

Digiri imachokera ku yunivesite yomweyo, ndipo pa graduation mkanjo ndi womwewo. Koma musaiyese yophweka. Palibe belu, palibe mnzako wa mu hostel wokudzutsa, uli ndi ana, uli ndi ntchito, kumudzi kwachitika maliro, asayimenti ikufunika Lachisanu. Amene ndimawaona akumaliza ndi amene anapanga kagulu ka anthu atatu anayi okumana Loweruka lililonse osaphonya. Oyenda okha ambiri amasowa m'chaka chachiwiri. Musanalembetse werenganinso funso lotsatirali.

Kuphunzira kapena kugwira ntchito pa intaneti kumafuna chani kwa munthu wa ku Chibavi kapena Mchengautuwa?

Apa mpamene nkhani zokoma za "tsogolo lili pa intaneti" zimakumana ndi fumbi. Choyamba magetsi. Amene analipo mu 2022 akukumbukira, namondwe Ana atawononga Kapichira mu January dziko linataya pafupifupi 130 MW, kuzima kwake kunali kwa maola ambirimbiri mpaka chaka chotsatira. Kalasi ya pa Zoom siyidikira kuti magetsi ayake. Nde kasola kakang'ono kapena pawa banki yabwino zimaposa foni yodula. Ndipo dziwani kuti kuno kwathu nthawi ya chiperoni ndi mvula yosakata ija sola imafooka, gulani batire yokwanira.

Chachiwiri bandulo. Kalasi ya video imadya ngati dzombe. Zimitsani kamera, pemphani lecturer atumize voice note kapena PDF, koperani zinthu zikuluzikulu usiku ma bandulo otchipa akamagwira. Khalani ndi ma layini onse awiri, TNM ndi Airtel, chifukwa pali malo ena m'zigwa za Masasa ndi Zolozolo oti ina imagwira ina ayi. Starlink inafika m'Malawi mu 2023 ndipo ma lodge ndi maofesi ena anaika, koma kwa wophunzira payekha ndi yodula, pokhapokha mutasonkherana anthu angapo pa mpanda umodzi.

Chachitatu laputopu. Foni imakwana powerenga, koma dissertation ya masamba 60 pa foni ndi chilango. Yogwiritsidwapo kale ilibe vuto bola muyese batire ndi kiyibodi musanapereke ndalama. Ndawaona ambiri akubwera kuno ndi laputopu yoti ukangochotsa chaja yathima.

Mwana wanga sanatuluke pa mndandanda wa osankhidwa ku yunivesite wa NCHE (bungwe la boma loyang'anira makoleji), basi zathera pomwepo?

Ayi mayi, sizinathe. Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa kuyerekeza ndi ana amene amakhoza ma credit 6 kuphatikiza Chingerezi, nde kusiyidwa sikutanthauza kuti mwana ndi mbuli. Quota inathetsedwa mu 2020 koma mipando sinachuluke chifukwa cha zimenezo.

Kuno ku Mpoto njira zilipo. University of Livingstonia ya Sinodi ili ku Khondowe, ku Ekwendeni komanso ku Kaning'ina konkuno. Za umoyo kuli St John of God, St John's ndi Ekwendeni. Za akawunti kuli Malawi College of Accountancy. Kuli ODeL imene ndafotokoza pamwambapa. Ndiye kuli za luso la manja pansi pa TEVETA, monga Mzuzu Technical College ndi ma community technical college amene anayamba mu 2015, ngati ya ku Ngara ku Karonga.

Za manjazi ndiimepo pang'ono chifukwa makolo ambiri amakwinya nkhope ukazitchula. Nthawi ya mliri maofesi anatumiza anthu kunyumba, ma lodge a ku Nkhata Bay anachotsa antchito poti alendo kunalibe, koma mpope ukaphulika plumber amaitanidwabe. Yang'anani m'mene Mzuzu ikukulira cha ku Dunduzu, Lupaso, Nkhorongo, nyumba iliyonse ikufuna mawaya, matailosi, mageti, sola. Wowotcherera wabwino m'tauni muno umachita kumusungitsa sabata yathunthu. Sindikunena kuti aliyense akhale mmisiri, ena manja awo ndi a cholembera basi, koma mwana amene amakonda kumasula mawailesi musamukakamize digiri yoti akaipachike pakhoma.

Ndingadziwe bwanji kuti koleji ndi yovomerezeka?

NCHE imatulutsa mndandanda wa makoleji ndi ma pulogalamu ovomerezeka. Onani zonse ziwiri, chifukwa koleji ikhoza kukhala yolembetsedwa koma kosi imene mwana akufunayo isanavomerezedwe. Za unamwino funsaninso ku Nurses and Midwives Council, za chipatala zina ku Medical Council, za manja ku TEVETA. Chikwangwani chachikulu ndi mkanjo wokongola pa graduation si umboni. Chipitireni Covid kwabukanso "mayunivesite a pa intaneti" akunja oti digiri miyezi 8, ena mpaka udokotala waulemu wogula. Musanatumize ndalama kafunseni ku NCHE ngati pepala lakelo adzalizindikire.

Loni ya boma imayenda bwanji?

Imaperekedwa ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board, kwa ophunzira osowa amene ali m'makoleji ovomerezeka. Umafunsira, ndipo si onse ofunsira amene amapatsidwa. Ndi ngongole, si mphatso, ukayamba ntchito amakulondola. Langizo langa ngati wosindikiza mafomu: musadikire tsiku lomaliza. Chaka chilichonse tsiku lotsekera kashopu kanga kamadzadza, netiweki yaima, wina alibe kopi ya chitupa cha unzika, wina siginecha ikusowa ndipo woisayina ali ku Euthini.

Zogwira ntchito uli kunyumba zija, kuno ziliko kapena ndi za azungu?

Ziliko koma pang'ono, ndipo osati m'mene amazikokomezera. Mu 2020 maofesi ena amasinthana masiku, misonkhano inapita pa Zoom, anthu n'kumati ma workshop atha. Anatha kuti? Mliri utangozilala onse anabwerera ku Mponela ndi kunyanja, nkhani ya ma allowance siyifa ndi kachilombo. Mabwana ambiri kuno amafunabe akuone pa mpando 7:30.

Chimene chinatsalira ndi ichi: intavyu yoyamba nthawi zambiri ikumachitika pa foni kapena pa Zoom, nde wa ku Mzuzu sukuyeneranso kukwera basi ya usiku kupita ku Blantyre kukayankha mafunso a mphindi 15. Zimenezi kwa ife akumpoto ndi phindu lenileni. Pezani malo opanda phokoso, chajani foni, kumbuyo kwanu kusaoneke zovala zoyanika.

Za makasitomala akunja pa Upwork kapena Fiverr, alipo achinyamata ochepa m'tauni muno amene amapezako, olemba ma pulogalamu a kompyuta, ojambula, omasulira Chichewa ndi Chitumbuka. Koma kumeneko ukupikisana ndi a ku Kenya, India, Philippines, ndipo miyezi yoyamba umatha kukhala osapeza olo kasitomala m'modzi uku bandulo ikupita. Musanayambe pitani ku banki yanu mukafunse m'mene ndalama yakunja ingakufikireni, ena agwira ntchito n'kudzasowa polandirira.

Ine amene ndimawaona akudya msanga ndi ogulitsa luso lawo konkuno. Mnyamata wina wa ku Chiputula amapanga mapulogalamu a maliro, makadi a ukwati ndi ma poster a misonkhano ya tchalitchi pa Canva, pa foni yokha. Amalandira chithunzi cha malemu pa WhatsApp 9 koloko usiku, pofika 6 m'mawa ali pakhomo panga kudikira nditsegule, malipiro pa Airtel Money kapena Mpamba. Imeneyonso ndi ntchito ya pa intaneti, kungoti ilibe dzina lachizungu. Amene mukufuna poyambira kayendereni ku Mzuzu E-Hub mukaone zimene akuphunzitsa nthawi imeneyo.

Ndalandira uthenga woti ndizipanga ndalama tsiku lililonse pongodina pa foni, ndilowe?

Osalowa. Ntchito imene imayamba ndi iwe kulipira si ntchito. Msuweni wanga anataya ndalama ya lendi ya mwezi wathunthu pa zoterezi, masiku oyamba amamupatsadi timakobidi kuti akhulupirire ndi kukopa anzake, atangoika zambiri tsambalo linazimiririka ndipo gulu la WhatsApp linatsekedwa usiku womwewo. Chimodzimodzi oimba foni kuti mwasankhidwa ku intavyu koma tumizani ya "processing" pa nambala iyi. Bungwe lenileni silipempha ndalama pa nambala ya munthu.

AI itilanda ntchito? Nanga kugwiritsa ntchito ChatGPT pa asayimenti n'kulakwa?

ChatGPT inatuluka mu November 2022, ndipo pofika chaka chotsatira ndinayamba kuona zachilendo pa makina anga. Chingerezi cha ana chinangosalala mwadzidzidzi, aliyense. Tsiku lina mnyamata anandipatsa flash kuti ndisindikize, mzere woyamba pa asayimenti unali wa makinawo akumuuza mwaulemu kuti nayi nkhani imene mwapempha. Sanawerenge olo mzere woyamba! Ndinamuonetsa, anaseka, koma ine sizinandiseketse chifukwa fizi yake alipira ndi amayi ake ogulitsa tomato ku Zigwagwa.

Koleji iliyonse ili ndi malamulo ake pa nkhaniyi, funsani lecturer wanu. Maganizo anga ndi oti kuifunsa ikufotokozere zimene sunamve m'kalasi, kapena ikuonetse polakwika pa Chingerezi chako, ndi nzeru. Kuilembetsa zonse ndi kudzibera wekha, ndipo imapeka mabuku oti kulibe, ma reference ooneka bwino koma ukawafufuza osapezeka. Pa defence ulibe foni m'manja, ma lecturer atatu akukuyang'ana.

Pa za ntchito, zimene zili pa ngozi ndi ngati zanga zomwe. Kale anthu amandilipira kuti ndiwatayipire kalata ndi kuwakonzera CV, lero amabwera nazo zokonzeka. Otayipa, olemba timalipoti tofanana, omasulira zinthu zophweka, amenewo ayambe kuganiza. Koma namwino wa ku Mzuzu Central, mlangizi wa zaulimi wokayenda ku Mpherembe, wokwera padenga kuika sola, makina sanafike pamenepo. Ndipo Chichewa ndi Chitumbuka chake chikadali chopunduka, amene mumadziwa bwino zilankhulo zathu musazitaye.

Ndi kosi iti imene ili ndi tsogolo kuno ku Mpoto?

Sindine mneneri, ndipo amene angakuuzeni motsimikiza kuti kosi yakuti ndiye ya ndalama akukunamizani. Ndingonena zimene zatizungulira. Za umoyo anthu adzafunikabe, mliri unationetsa poyera, ngakhale kulembedwa ndi boma kumachedwa moti anamwino ena amakhala pakhomo kapena kugwira maganyu a locum kwa nthawi. Za mphamvu ya dzuwa ndi magetsi, onani funso la magetsi lija. Za nkhalango tili ndi Chikangawa pafupi, za nsomba nyanja ili apa, khofi wa ku Misuku ndi Phoka amagulitsidwa kunja, mpunga wa Kilombero ku Karonga sufuna kuutsatsa. Mzuni imaphunzitsa zambiri mwa izi, za nkhalango, za nsomba, za mphamvu zongowonjezereka, za maso, za alendo.

Za alendozo ndi zimene zinavulala kwambiri mu 2020, Nyika ndi Likoma kunali zii. Zinadzukanso, koma amene mukulowa kumeneko phunziraniponso china chapambali, kuphika kwenikweni, kusunga mabuku a ndalama, kutsatsa pa intaneti.

Kosi iliyonse imene mungasankhe, kompyuta isakhale mlendo. Ndimakumana ndi a chaka chachinayi osadziwa kuika manambala a masamba pa Word.

Paliponse akufuna experience, ndiitenga kuti poti sanandilembepo?

Attachment ija musaitenge ngati tchuthi. Ambiri amapita kukasayinitsa logbook basi, pamene ndi pomwe bwana amakuonera. Boma lili ndi pulogalamu ya ma intern imene inayamba mu 2018, ndalama yake ndi yochepa koma kalata yake imalowa pa CV. Maganyu a kafukufuku, kalembera, zisankho, kuphunzitsa pa sukulu ya pulayiveti, kusunga mabuku a ndalama a kwaya kapena a banki m'khonde, zonsezo ndi experience ukazilemba bwino ndi kunena chimene unachita, osati kungoti "volunteer".

Koma kudzipereka kuli ndi malire. Mng'ono wanga anagwira chaka ndi miyezi pa ofesi ina m'tauni muno osalandira olo ya kabaza, akumuuza kuti ndalama zikabwera ukhala woyamba. Zitabwera analemba mwana wa mlongo wake wa bwana. Gwirizanani nthawi poyamba, miyezi 3 kapena 6, ndipo kalata yokuchitira umboni uitenge usanachoke.

Bwanji ndingopita kunja?

Kuno funso limeneli si lachilendo, ku Mzimba pafupifupi banja lililonse lili ndi wina ku Joni kuyambira nthawi ya agogo athu. Sindingakuletseni. Ndingokukumbutsani za May 2020, pamene South Africa inali itatseka zonse, abale athu opanda mapepala anakhala opanda ganyu ndi chakudya, n'kubwera pa mabasi kudzera ku Mwanza, kusungidwa pa Kamuzu Stadium mpaka ena kuthawa podumpha mpanda. Wopanda mapepala ndi amene amayamba kugwa zinthu zikavuta.

Kuyambira November 2023 achinyamata ena anapita ku Israel kukagwira ntchito m'minda, nkhondo ili mkati, ndipo pakati pawo panali a madigiri. Ena anatumiza ndalama n'kumanga, ena anadandaula kuti zimene anapeza si zimene anauzidwa. Musanakwere ndege funsani ku unduna wa zantchito ngati ejenti wakeyo akudziwika, werengani kontirakiti yonse muli konkuno, ndipo pasipoti isakhale m'manja mwa munthu wina. Atsikana amene mukuitanidwa ku ntchito za m'nyumba ku mayiko a Aluya, samalani kawiri, ena anavutika kwambiri ku Oman mpaka boma kulowererapo kuti abwere. Za sikolashipu, yeniyeni siyilipiritsa pofunsira, onani funso la uthenga wa pa foni.

Mwana wanga wamkazi anasiya sukulu nthawi ya Covid atatenga mimba, angabwererenso?

Angabwerere. Sali yekha, miyezi imene sukulu zinali zotseka atsikana masauzande ambiri anatenga mimba kapena kukwatiwa. Ndondomeko ya unduna wa zamaphunziro imalola mtsikana kubwerera akabereka. Ngati wakula moti yunifolomu ikumuchititsa manyazi, kuli ma open secondary amene amaphunzira masana ena akaweruka, ndipo MSCE atha kulemba ngati external. Akakhoza, njira zonse zimene ndatchula pa funso la NCHE ndi zake, ndipo ODeL imawayanja amayi oterewa. Chimene chimavuta si lamulo, ndi womugwirira mwana. Agogo mukavomera kulera kamdzukulu masana, theka la nkhaniyi latha.

Mliri wina ukadzabwera tidzakhala okonzeka?

Kumbali ya kuphunzira bola pang'ono, poti ma lecturer ndi ophunzira anazolowera njira zina, sizidzayambira pa ziro ngati 2020. Tinaonanso ndi kolera mu January 2023 pamene sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndi namondwe Freddy mu March chaka chomwecho kummwera, kuti chotseka sukulu sichisowa. Koma wa kumudzi wopanda magetsi ndi foni yabwino adzatsalirabe ngati kale, pamenepo sindikuona chimene chasintha kwenikweni.

Kumbali ya ntchito, kumbukirani April 2020 boma litalengeza lockdown ya masiku 21. Mavenda a konkuno ku Mzuzu anatuluka mumsewu kukana, ndipo pa 17 April khoti lalikulu linaimitsa lockdown ija bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litakadandaula. Sikuti anthu samaopa matenda, koma ambiri a ife timadya zimene tapeza tsiku lomwelo, wa kabaza sangagwire ntchito pa Zoom. Mpaka lero zili choncho.

Chimene mungachite panokha n'chaching'ono koma ambiri sachita. Satifiketi ya MSCE, transcript, digiri, chitupa, makalata a umboni, zonse zikhale ndi scan pa email yanu kapena pa Google Drive, osati pa flash yokha chifukwa ma flash amene amabwera kuno theka lake ndi ma virus. Dissertation muzidzitumizira pa email mukamaliza chaputala chilichonse. Amene tinaona library ya Mzuni itapsa mu December 2015 tikudziwa kuti pepala limatha usiku umodzi. Scan ndimapanga pompano, koma bwerani m'mawa magetsi akadalipo, ndipo mapepala anu muchotseretu ma staple.